Mzere wa Njerwa pa Koleji ya Alubano

Sendezani chikuni icho moto usazime. Paja mwati akufa akabwerera amangobwera kudzazunza amoyo? Sindikutsutsani ayi, koma yambani mwamva za pa Alubano. Izi sindinachite kumva kwa munthu, ndinalipo.

Ine Oswadi Chimpeni ndinafika pa Koleji ya Alubano Woyera ndili mnyamata wochokera ku Nkhotakota, sutikesi yachitsulo pamutu, nsapato zobwereka kwa amalume. Kolejiyo inali ya mpingo wa Angilikani. Maphunziro tinkachitira ku yunivesite kumunsi kutauni, koma kugona, kudya ndi kupemphera tinkachitira pamenepo, m'nyumba zakale za njerwa zofiira zomangidwa m'mbali mwa phiri. Kuseri kwa tchalitchi kunali chigwa chakuya, ndipo pansi pake pankayenda mtsinje wa Namphasa, kamtsinje koti m'chilimwe ndi mwana yemwe ankangokalumpha.

Pamalopo panali miyambo yake. Lamulungu madzulo sunkalowa m'chipinda chodyera wopanda mkanjo wakuda. Belu likamalira, ngakhale muli pakati pa mkangano wa mpira, nonse munkakhala chete mpaka lileke. Ndipo ife a chaka choyamba sankatitchula maina. Tinali zidina, njerwa zosawotcha. "Chidina iwe, tatunga madzi." "Zidina, kapukuteni mabenchi." Kuti uchidina uthe, unkayenera kuponda dothi kumtsinje, kuumba njerwa ndi manja ako, kuziwotcha mu uvuni mwezi wa Okutobala, kenaka kudikira tsiku la Mzere.

Za Mzerewo anatiuza ndi mkulu wa ophunzira, Verina Chapola. Anali mtsikana wamtali wa ku Malindi, wa chaka chomaliza, wophunzira za zomangamanga, ndipo anali mkazi woyamba kusankhidwa pa udindowo. Sankaseka chisawawa. Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mbawa pamene pankapachikidwa belu, natiloza nsanja ya tchalitchi, imene inalekezera panjira, yopanda denga.

"Mukuiona nsanja iyo?" anatero. "Kale pano sipanali za yunivesite. Panali sukulu ya aphunzitsi ya mishoni. Ophunzira oyamba anabwera wapansi, ena kuchokera kunyanja, ena kuchokera kuchigwa cha Shire, napeza thengo lokhalokha. Tchalitchi ichi anamanga okha. Njerwa ankawotchera kumtsinje, ndipo pozikweza kuno ankaima pamzere kuchokera pa uvuni mpaka pano, n'kumapatsirana dzanja ndi dzanja, akuimba. Itangotsala nsanja yokha, tsiku lina la mu Disembala, Napolo anatsika m'phiri. Onse amene anaima m'chigwa anapita ndi madzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka."

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Zakeyu Nkhwazi wa ku Ntchisi, anali wosatha kusunga funso m'kamwa. "Nanga achemwali, bwanji osangoitana amisiri amalize nsanjayo?"

"Otsalawo analumbira kuti nsanja iyi sidzamangidwa ndi waganyu. Chaka chilichonse, pa tsiku lomwelo, zidina zimakweza njerwa zawo pa Mzere, n'kuwonjezera pang'ono. Amene anapita ndi madziwo ife timawatcha Oyamba. Iwe ukadzalandira njerwa m'manja mwa mnzako, m'pamene udzakhale munthu wa pa Alubano."

Anatiphunzitsanso nyimbo yake. Mmodzi amatsogola kuti, "Landira, mbale, landira," onse n'kuyankha, "Pereka pamwamba." Mawu ake anali omwewo basi, obwerezabwereza, monga zimakhalira nyimbo zantchito.

Chaka chathucho zinthu zinasokonekera. Kumapeto kwa Novembala ku yunivesite kunabuka zipolowe, akuluakulu n'kutseka makalasi. Ophunzira ambiri ananyamula zikwama ulendo kwawo. Pa Alubano tinatsala ochepa, makamaka ife akutali ndi ena amene ankayembekeza kuti mwina atsegula msanga. M'chipinda chodyera chimene chinkadzaza, tsopano tonse tinkakwana pa matebulo a kutsogolo okha, ndipo supuni ikagwa inkamveka ngati yagwera m'phanga.

Woyang'anira koleji anali wansembe wachilendo pamalopo, Bambo Mkwanda, munthu wamagalasi, wodekha, wophunzira kwambiri. Za Mzere sizinkawasangalatsa. Tsiku lina nditatumwa kukasiya nkhuni kunyumba kwawo, ndinawapeza pakhonde akulankhula ndi Verina.

"Mwana wanga, chaka chino tisiye," ankatero. "Anthu mulibe. Komanso ndikuuze zoona, mwambo uwu umandivuta. Akhristu timakumbukira akufa pa guwa, osati kumakawaimbira kuchigwa ngati tikuwaitana."

"Bambo, sitiwaitana ayi. Timangomaliza ntchito yawo."

"Nanga mvulayi?"

"Ikagwa tidzaleka. Koma Mzere sunaphonyepo chiyambire. Anthu adzati unafera m'manja mwa mkazi."

Bambo anati aganiza kaye.

Zodabwitsa zinayamba sabata yomweyo, ndipo zinayamba pang'onopang'ono moti poyamba tinkangoseka.

Anzathu amene anapita kwawo anasiya mikanjo yawo pa misomali ya m'khonde la chipinda chodyera, monga mwa masiku onse. M'mawa wina wophika anati misomali ina ili yokhayokha. Tinati mwina eniake anatenga. Mawa lake misomali yopanda kanthu inachuluka. Verina anatseka khondelo ndi loko, kiyi n'kumagona nayo. Kutacha anapeza loko ali chitsekere, mikanjo yonse ya anzathuwo palibe, ndipo pansi pa simenti panali ponyowa, pakununkha dothi lakumtsinje.

"Akuba a masiku ano ali ndi nzeru," anatero mnyamata wina wa chaka chachitatu. Koma wakuba wanji wosiya mbale, mipando ndi wotchi yapakhoma, n'kutenga mikanjo yakutha m'zigongono?

Kenaka kunabwera phokoso. Madzulo tikatuluka ku mapemphero, mdima ukungoyamba, kuchigwa kunkamveka kuti ngwe, ngwe, ngwe, monga zimalirira njerwa zopsa bwino zikagundana. Zinkamveka mwa dongosolo, ngati munthu akuzisanja. Tsiku lina ine ndi Zakeyu tinatsika masana kukaona uvuni wathu. Udzu umene tinafunditsa pamwamba unali utachotsedwa n'kuunjikidwa bwinobwino pambali. Njerwa zosweka ndi zosapsa zinali zitasankhidwa, zili pa mulu wakewake. Zabwino zokhazokha ndi zimene zinasanjidwa kuyang'ana kunjira yokwera.

"Ndi achemwali aja achita izi," ndinatero.

Titamufunsa Verina anangotiyang'ana, nafunsa kuti, "Mwati zasanjidwa bwanji?" Titamufotokozera anatsika yekha kukaona. Atabwerako, chakudya chamadzulo sanadye.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Mzere uchitike, Zakeyu anapita kumsika wa kumunsi kukagula sopo. Anabwera dzuwa litapendeka, analowa m'chipinda, nakhala pabedi sopoyo ali m'manja osamuika pansi.

"Aise Oswadi, kodi pali sukulu ina kumtunda kuno?"

"Sukulu yanji? Kumtunda kuno kuli ife ndi anyani basi."

"Ndakumana ndi anyamata panjira, paja pokhotera pa mlatho. Ambiri ndithu. Amayenda mondondozana, wina pambuyo pa mnzake, opanda nsapato. Makabudula a kaki aataliatali, ofika m'mawondo. Ndinawapatsa moni, onse anayankha pamodzi mwaulemu, ngati ana a sukulu akamayankha mphunzitsi."

"Mwina ndi a kwaya ya kwinakwake."

"Wakutsogoloyo anandifunsa, koma chilankhulo chake chinali ngati cha agogo a ku Likoma, chija timamva m'nyimbo zakale za m'tchalitchi. Anati, ‘Kodi ndinu wa pa Alubano?’ Ndinati eya. Anati, ‘Chaka chino mulipo ambiri?’ Ndinati ayi, ambiri anapita kwawo. Anatembenuka kuyang'ana anzake, nati, ‘Achepa.’ Mawuwo anayenda mumzere wonse, wina kuuza wina mpaka kumbuyo. Achepa, achepa, achepa."

"Kenaka?"

"Ndinawapatukira kuti adutse. Aise, msewu uja ndi wamiyala. Anthu onse aja anadutsa ine osamva phazi ndi limodzi lomwe."

"Nkhope zawo unaziona?"

Zakeyu anaganiza, nkhope yake ikusintha. "Ndinaziona. Koma ndikati ndizikumbukire sizikubwera."

Nkhaniyi tinakamuuza Verina, iye n'kupita nayo kwa Bambo. Zimene anakambirana sindizidziwa. Koma pa mapemphero a madzulo Bambo analengeza kuti Mzere uchitika, ndipo iwo eni adzaima pamwamba kulandira njerwa. Ena anati anavomera kuti atisonyeze kuti kuchigwako kulibe kanthu.

Tsikulo kunacha bwino. Pa koleji sipanagwe ndi dontho lomwe, ngakhale pamwamba pa phiri panali mtambo wakuda bii umene unakhala pomwepo chiyambire m'mawa, osasuntha. Tinayamba dzuwa litapendeka, monga mwa mwambo. Tinavala mikanjo yathu, tinavula nsapato, Bambo n'kupemphera mwachidule.

Verina anatigawa malo. Zaka zonse anthu ankaima moyandikana, mapewa kutsala pang'ono kugundana. Ife tinali otalikirana moti wina ankaoneka ngati kachitsa patali. "Aliyense azinyamula njerwa n'kuyenda nayo mpaka kwa mnzake wakumtunda," anatero. "Titopa, koma tifika." Iye anasankha kukaima pansi penipeni, pa uvuni. Zakeyu anamuika pakati pa chigwa. Ine anandiika pamene njira imatulukira m'chigwamo, pa tsinde la nsungwi, ndipo kumtunda kwanga kunali mtsikana wina wa chaka chachiwiri, dzina lake Ida.

Mawu a Verina anamveka kuchokera pansi, aang'ono ndi kutalika. "Landira, mbale, landira!"

"Pereka pamwamba," tinayankha, aliyense payekhapayekha, nyimbo yomvetsa chisoni ngati ya anthu osochera.

Njerwa zoyamba zinabwera mochedwa. Mnyamata wa kumunsi kwanga ankafika ali wefuwefu, kundipatsa, n'kubwerera. Ine ndinkakwera nayo kwa Ida, n'kubwereranso pa nsungwi zanga. Ndinayamba kuganiza kuti Bambo ankanena zoona.

Ndiye nkhungu inatsika. Inu amene munakhalako kumapiri mukuidziwa. Siichita kubwera pang'onopang'ono. Umangoona mitengo yakutsidya yazimirira, kenaka njira, kenaka mapazi ako omwe. Kunada ngati dzuwa lalowa kale. Mbalame zonse zinangoti zii. Kunazizira, ndipo fungo lija la dothi lonyowa linadzaza paliponse.

Ndinaima n'kumadikira mnzanga wakumunsi uja. Sindinamve mapazi ake. Ndinangoona njerwa yatulukira mu nkhungu, pafupi penipeni ndi chifuwa changa. Ndinailandira. Ndisanatembenuke n'komwe kuti ndiyambe kukwera, kudzanja langa lamanja kunali manja ena otambasula, akudikira. Ndinapereka. Potembenuka, ina inali itafika kale.

Manja amenewo sanali a Ida. Anali manja a mwamuna, okhakhala, ong'aluka ndi ntchito, dothi lofiira lili m'zikhadabo. Zala zake zitakhudza zanga zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinaona mkono wa mkanjo wakuda, wonyowa, ndipo pansi ndinaona zala za mapazi zitamira m'matope. Kumtunda kwa mapewa kunali nkhungu yokhayokha. Kapena ndinene kuti sindinakweze maso. Sindikudziwa chimene chili choona pa ziwirizi.

Kodi mukuganiza kuti ndinathawa? Nanenso ndikadamva kwa wina ndikadati ndikadathawa. Koma njerwa zinkabwera, ndipo munthu akakupatsa njerwa umalandira. Thupi lonse linachita tsemwe, koma manja anga ankagwira ntchito okha. Landira, pereka. Landira, pereka.

Nyimbo ija inasintha. Amene ankatsogola sanalinso Verina. Anali mawu a mwamuna, okwera, oyera ngati belu, ochokera pansi pa chigwa. Ndipo kuyankha kwake, abale anga, sindinamveponso zotere m'tchalitchi chilichonse chimene ndalowamo. Chigwa chonse chinayankha. Mawu aakulu a besi ankachita kunjenjemeretsa nthaka pansi pa mapazi anga, ena apakati, ena apamwamba, onse olukana bwino ngati mkeka. Anali mawu omwe aja tinaphunzira pansi pa mbawa, koma ankawatchula mwachikale, mokoka, ndipo munali zokhota zina zimene ife sitinkazidziwa. Ndinazindikira kuti nyimbo imene tinkaimba ife inali chabe chotsalira cha nyimbo iyi. Misozi inkangotsika, ine osadziwa kuti ndikulira chifukwa cha mantha kapena chifukwa cha kukoma kwake. Ndinayamba kuyankha nawo.

Sindidziwa kuti tinagwira nthawi yaitali bwanji. Mwadzidzidzi nyimbo inadukira pakati pa mawu, ngati munthu waidula ndi mpeni. Njerwa zinaleka kubwera. Kunali chete moti ndinkamva mtima wanga. Kenaka kutali, pamwamba pa phiri, kunamveka kulira kwapansipansi, ngati galimoto lalikulu likubwera kuseri kwa mapiri.

Mumzere munayamba kuyenda mawu, kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, wina kunong'oneza wina. Anafika pa khutu langa lamanja ndi mpweya wozizira. Anali mawu amodzi okha.

"Akudza."

Ndinatembenuka kuti ndiwapereke mawuwo. Koma wa kumanzere kwanga anali atamva kale, ndipo ndinamva mawuwo akutsika, akudza, akudza, akudza, mpaka anazimirira pansi.

Nyimbo inayambanso, koma tsopano mofulumira, ngati ng'oma ya nkhondo. Ndinatambasula manja kuti ndilandire njerwa. Chimene chinaikidwa m'manja mwanga chinali dzanja la munthu, lofunda. Anali mnyamata uja wa kumunsi kwanga, maso ali tong'o. Ndisanamufunse kanthu, manja a kumanja kwanga anali atamugwira kale pamkono, n'kumukokera kumtunda. Anazimirira mu nkhungu. Kunabwera wina, mtsikana, akulira, mapazi ake akungokhudza pansi mwa apo ndi apo. Ndinamulandira, ndinamupereka. Kunabwera winanso.

Ankatikweza ngati njerwa, dzanja ndi dzanja.

Zakeyu atafika anandikakamira pa mkanjo. "Oswadi! Ndi aja! Ndi aja ndinakumana nawo!"

"Pita, aise, pita!" Ndinamumasula zala n'kumupereka.

Kulira kuja kunali kutakula. Nthaka inkagwedezeka, nsungwi zikuwombana pamwamba panga, mphepo yozizira ikutsika m'chigwa ndi fungo la mizu yozuka. Womaliza kufika anali Verina. Iye yekha ndi amene ankalimbana nawo. Ankatembenukira kumbuyo, akukuwa, "Dikirani! Kwatsala munthu! Kwatsala munthu pa uvuni!" Ndinamugwira dzanja ndi mphamvu zanga zonse, ndinamupereka. Kenaka ndinamva manja awiri ozizira andigwira m'mapewa, mofatsa, monga mkulu amagwirira mng'ono wake powoloka msewu. Mapazi anga anachoka pansi. Ndinadutsa m'manja ambirimbiri, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linanditaya kapena kundipweteka.

Ndinadzazindikira ndili chogwada pa udzu kuseri kwa tchalitchi. Nthawi yomweyo Napolo anadutsa.

Sitinamuone. Tinangomumva. Miyala ikuluikulu inkagundana ngati mabingu, mitengo ikuthyoka ngati timitengo ta machesi, ndipo belu pa mbawa linkalira lokha chifukwa cha kugwedezeka. Koma pansi pa phokoso lonselo nyimbo inkamvekabe. Inkamveka ndithu, tonse tinaimva. Inkatsika ndi madziwo, kunka kutali, kucheperachepera, mpaka sitinathenso kusiyanitsa nyimbo ndi mkokomo wa mtsinje.

Bambo Mkwanda anali ataima pafupi ndi mulu wa njerwa, magalasi ali m'manja, kansalu koyera ka pakhosi kali matope okhaokha. Anayenda pakati pathu akugwira aliyense kumaso, kutchula dzina lake, ngati sakukhulupirira maso awo. Tonse tinalipo. Palibe amene anali ndi bala.

Verina yekha ndi amene sankatonthola. "Bambo, kwatsala munthu. Amene anandipereka ine. Anali pansi penipeni, kumbuyo kwake kunalibe wina woti amupereke. Ndinamuuza kuti tiyeni, tiyeni tikwere."

"Anati chiyani?" anafunsa Bambo, mawu awo ali apansipansi.

"Anati, ‘Kwerani, mlongo. Pano ndi pamalo panga.’ Kenaka anatembenuka kuyang'ana kumene kumachokera madzi." Anagwira pakamwa. "Bambo, anali mwana. Anali wamng'ono kuposa zidina izi."

Bambo anayang'ana manja awo, amene anali ofiira ndi dothi mpaka m'zigongono. Pambuyo pake Ida anatiuza kuti njerwa zitayamba kubwera mofulumira, Bambo anafuna kukuwa kuti tileke, koma wina anawaika njerwa m'manja, iwo n'kulandira. Madzulo amenewo anatilowetsa m'tchalitchi momwe tinalilimo, matope ndi matope. Anatsegula buku la mapemphero, koma mawu anawakanika. Tinangokhala chete pamodzi nawo mpaka makandulo anafupika.

Kutacha tinapita kukasuzumira kuchigwa. Uvuni kunalibe. Njira kunalibe. Nsungwi zanga zija kunalibe, ndi chitsa chomwe. Kunali chigwembe chofiira, chachikulu, ngati chilombo chapala phiri ndi zikhadabo, ndipo pansi pake kamtsinje kaja kankayenda mwakachetechete ngati sikanachite kanthu.

Mbiri inali itafika kale kutali, ndipo monga mudziwa mbiri ikamayenda imanenepa. Kumidzi kunamveka kuti ophunzira onse a pa Alubano apita ndi madzi. Pofika masana makolo anayamba kufika. Mwa iwo munali amayi ake a Zakeyu, Nachisale, mayi wamfupi wa ku Ntchisi amene anakwera lole ya katundu usiku wonse atamanga kale chitenje m'chiuno ngati wopita kumaliro. Atamuona mwana wawo ali moyo sanakuwe. Anamugwira mutu, anamugwira mapewa, anamugwira miyendo, kenaka anakhala pansi pa udzu.

"Wakutulutsa ndani m'menemo, mwanawe?"

Zakeyu anafotokoza zonse, kuyambira za anyamata a pamlatho. Ife tinkaganiza kuti mayiwo aopa, kapena anena kuti mwana wazungulira mutu. Iwo ankangomvetsera, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Atatha anatembenukira kwa Bambo.

"Abambo, pepani ndifunse nawo. Ana amenewo kwawo kunali kuti?"

"Kutali, mayi. Ena kunyanja, ena kuchigwa. Masiku amenewo kunalibe misewu."

"Mitembo yawo sinapezeke?"

"Sinapezeke."

"Nanga amayi awo anabwera kudzalira pano?"

Bambo anati, "Zimene ndinamva n'zakuti azungu a mishoni anachita mapemphero m'tchalitchi. Uthenga unafika kumidzi patapita miyezi. Sindikhulupirira kuti panabwera munthu."

Nachisale anadzuka. Anamangitsa chitenje chawo, anavula nsapato zawo za pulasitiki, nayenda okha mpaka m'mphepete mwa chigwembe chija. Anagwada. Anaomba m'manja mwaulemu, monga tichitira pothokoza akuluakulu. Kenaka anaika manja kumutu, nayamba kulira maliro.

"Ana anga ine! Ana a eni ine! Munagona m'madzi opanda wokufunditsani, mayo! Mwandibwezera wanga, nanga inu anakubwezani ndani?"

Kulira kumeneko kunatsika m'chigwa, kukagunda kutsidya, n'kubwerera. Amayi ena amene anabwera kudzafuna ana awo anayang'anana, kenaka mmodzimmodzi anapita kukagwada pambali pawo. Amayi ophika anatuluka m'khitchini. Amayi a m'mudzi wa pafupi, amene anangobwera kudzaona chigwembe, anatula mitolo yawo pansi. Verina anapita nawo, ndipo aka kanali koyamba kumuona akulira mokweza, osabisa nkhope. Ife amuna tinaima kumbuyo, mitu pansi. Bambo Mkwanda anawerama, anamasula zingwe za nsapato zawo, nazivula, naima opanda nsapato pa udzu wonyowa mpaka maliro onse anatha.

Analira nthawi yaitali, mpaka mawu anasasa. Pamene analeka, m'chigwa munali bata loti sindinalimvepo chifikire pamalopo. Mbalame ina inayamba kulira kutsidya, inzake n'kuyankha.

Nachisale anadzuka, anasasa mawondo, napukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anabwera pamene tinaima, namugwira Zakeyu pamkono.

"Tiye ukandipatse madzi akumwa, mwanawe," anatero. "Anzako aja agona tsopano."